Giannis ku San Antonio: Spurs ipereke Castle ndi ma pick, kapena idikire?
(Zokambirana za basketball ya ligi ya NBA, zomwe zinachitika pakati pa chaka cha 2025)

Nthiwatiwa34
Abale, nkhani iyi yandisowetsa tulo sabata yonse, ndiye ndati ndiitule pano tithandizane nzeru. Milwaukee Bucks, timu ya Giannis Antetokounmpo, yatuluka mu ndime yoyamba ya ma playoffs (masewera ochotsana olimbirana chikho) zaka zitatu zotsatizana, 2023 ndi Miami, 2024 ndi 2025 ndi Indiana. Katswiri mnzake Damian Lillard waduka mtsempha wa kuchidendene, timu yamumasula, ndipo ndalama zake izimulipira pang'onopang'ono kwa zaka zisanu iye kulibe. Middleton anapita ku Washington, Brook Lopez wapita ku Clippers. Giannis akwanitsa zaka 31 mu Disembala 2025. Sindikuona njira yoti atengerenso chikho ali kumeneko.

Ganizo langa ndi ili. San Antonio Spurs ipereke Stephon Castle, Devin Vassell, Keldon Johnson ndi ma pick atatu a round yoyamba (pick ndi mwayi wosankha wosewera pa draft, pomwe matimu amasankha achinyamata olowa mu ligi), kuphatikizapo ya Atlanta ya 2027. Milwaukee ipereke Giannis. Malipiro a atatuwo mukawaphatikiza akuyandikana ndi a Giannis, ndiye malamulo sangakane. Funso langa: ndani angakane, Spurs kapena Bucks?

Mlonda_wa_Rim
Bucks ikana foni isanathe n'kulira komwe. Popanda Dylan Harper, amene Spurs yangomusankha pa nambala 2 mu draft, palibe nkhani.

MayiWaMapasa
Ayi, oyamba kukana akhale a Spurs. Castle wangotenga kumene mphotho ya Rookie of the Year (ya wosewera watsopano wopambana anzake), mnzake Victor Wembanyama anaitenga mu 2024. Timu imodzi kutenga mphothoyi zaka ziwiri zotsatizana, kenako mwayi n'kuigweranso pick yachiwiri, inu mukuti aphwasule zonsezo? Changu n'cha chiyani, achimwene?

Nthiwatiwa34
Changu chilipo, mayi. Wembanyama akadali pa kontrakiti yake yoyamba, yomwe ndi yotchipa poyerekeza ndi mpira umene akusewera. Ikatha mu 2027 adzayamba kudya ndalama zazikulu. Nthawi yoika wosewera wodula pambali pake ndi ino.

Wamanambala
Ndilongosole kaye chinthu chimodzi, chifukwa ndikuona kuti ambiri tikudumpha pomwe pagona nkhani. Timu ikagulitsa katswiri wake, kawirikawiri imakhala ndi njira yodziwika: igonje kwambiri zaka ziwiri kapena zitatu, ipeze malo apamwamba pa draft, isankhe achinyamata abwino. Milwaukee njira imeneyo ilibe. Pomwe inkatenga Jrue Holiday ku New Orleans mu 2020 inapereka ma pick ndi ufulu wosinthana ma pick. Pomwe inkatenga Lillard mu 2023 inapatsa Portland pick ya 2029, komanso ufulu wosinthana mu 2028 ndi 2030. Tanthauzo lake n'loti Bucks ikagonja kwambiri, okolola ndi ena.

Ndiye timu yotereyi siingasangalale ndi mulu wa ma pick okhaokha, makamaka ochokera ku Spurs. Taganizani: Spurs yokhala ndi Giannis, Wembanyama ndi De'Aaron Fox izimaliza pamwamba, ma pick ake azigwera kumapeto kwa round, nambala 25, 27, 28. Kumeneko umapezako wosewera wothandiza, koma sikawirikawiri kupezako wonyamula timu. Chomwe Milwaukee ingafune ndi mnyamata yemwe akuoneka kale kuti adzakhala katswiri. Pa mfundo imeneyi Mlonda wanena zoona, adzayambira pa Harper, ndipo mwina adzafuna onse awiri.

Mlonda_wa_Rim
Ndi zomwe ndimanena. Zikomo Wamanambala.

kalulu_wamaso
Koma Harper sanasewerepo ngakhale mphindi imodzi ya ligi. Tikumuyeza bwanji ndi Giannis amene watenga kawiri MVP, mphotho ya wosewera wopambana onse mu ligi?

AkuluAkale71
Ana inu, ndiloleni ndikubwezereni m'mbuyo. Milwaukee yomweyi inachitapo zimenezi. Kareem Abdul-Jabbar anaitengera chikho mu 1971, anapempha kuti achoke, ndipo mu 1975 anamupereka ku Lakers posinthana ndi osewera anayi. Ena mwa iwo, monga Junior Bridgeman, anatumikira timuyo bwino zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1980 Bucks inali timu yolimba ndithu. Koma chikho chinabweranso liti? Mu 2021, patatha zaka 50. Kareem yekha anakatenga zikho zisanu ku Los Angeles. Wosewera wa msinkhu umenewo ukamupereka, zomwe walandira zisakunamize, sizikwana. Ine ndikanakhala mwini wa Bucks, Giannis sakanachoka pokhapokha atalowa yekha mu ofesi n'kunena ndi pakamwa pake kuti ndimasuleni.

Nyenyezi_07
Akulu, mawu anu ndawamva, koma chitsanzo china chilipo cha posachedwa. Oklahoma City inapereka Paul George ku Clippers mu 2019, n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander, Gallinari, ma pick asanu ndi ufulu wosinthana kawiri. Imodzi mwa ma pick amenewo inabala Jalen Williams mu 2022. Mu 2025 Shai watenga MVP, timu yatenga chikho. Wogulitsa nayenso amapambana.

AkuluAkale71
Paul George ndi wosewera wabwino, mwanangu, koma sanali Giannis. Ndiponso Oklahoma inali ndi ma pick akeake pomwe inkagonja, n'chifukwa chake inapeza Chet Holmgren. Bwererani pa zomwe walemba Wamanambala.

Chimkango_Bucks
Ndakhala ndikungowerenga koma mtima wandipweteka. Ine ndinayamba kutsatira Bucks mu 2013, chaka chomwe anasankha Giannis pa nambala 15, mnyamata wowonda wochokera ku Athens yemwe anthu ambiri sankatha n'kutchula dzina lake. Chaka chimenecho timu inapambana masewera 15 okha pa 82. Ndinaonera nawo manyazi onsewo. Ndinaona akukula thupi chaka ndi chaka, akuphunzira kuyendetsa mpira, akutenga MVP mu 2019 ndi 2020. Mu 2020 anthu onse ankati athawira ku timu yaikulu, iye anasaina kukhala. Mu 2021 bondo linapindikira m'mbuyo pa masewera ndi Atlanta, tonse tinati basi zatha. Anabwerera mu fainolo, Phoenix itatsogola 2-0, ndipo pa masewera achisanu ndi chimodzi anagoletsa mapointi 50, ma free throw 17 pa 19, munthu yemwe mabwalo onse ankamuwerengera masekondi pomunyoza. Ndinalira usiku umenewo.

Ndiye mukamalemba kuti Castle kuphatikiza Vassell kuphatikiza Keldon, ngati mukuwerenga katundu, dziwani kuti kwa ena a ife mukukamba za munthu amene anatichotsa manyazi a zaka 50. Sindikukana kuti tsiku lingadze. Koma lisabwere chifukwa choti akuluakulu a timu atopa kuganiza.

MayiWaMapasa
Pepani achimwene. Ife a Spurs tikuudziwa ululu umenewo, tinaumva pomwe Kawhi Leonard ankachoka.

DunkYaMbali
Za Kawhi zisiyeni, iye ndi amene anafuna kuchoka. Ndipo Toronto inachita bwino kumutenga ngakhale ankadziwa kuti watsala ndi chaka chimodzi. Anapereka DeRozan, Poeltl ndi pick imodzi mu 2018, mu 2019 chikho chili m'manja. Anachoka, inde, koma mbendera ili padenga mpaka lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Spurs itengerepo phunziro.

MayiWaMapasa
Ndipo pick imodzi imeneyo ndi yomwe inabala Keldon Johnson amene mukufuna kumuponya mu dilu ngati chowonjezerayu.

Gogo21
Poti mwatchula zakale, ine ndinene kuti anthu amaiwala momwe Spurs inamangidwira. Zikho zisanu, 1999, 2003, 2005, 2007, 2014, palibe ngakhale chimodzi chomwe chinabwera chifukwa chogula katswiri wa timu ina ndi mulu wa ma pick. Duncan draft, Robinson draft, Parker nambala 28, Ginobili nambala 57. Kawhi anamutenga usiku wa draft posinthana ndi George Hill. Nyumba imeneyi imaumba njerwa zake.

DunkYaMbali
Nthawi imeneyo inapita, agogo. Popovich yemwe, kochi wa zikho zonsezo, watula pansi ukochi. Ndipo Fox anabwera bwanji mu Febuluwale 2025? Si kusinthana komweko?

kalulu_wamaso
Koma Duncan ndi Garnett, wamkulu ndani? Ine ndimati Garnett akanakhala ku San Antonio akanatenga zikho zomwezo.

Gogo21
Mwana iwe, usandiyambe. Pita ukaonere fainolo ya 2003 ndi New Jersey, masewera omaliza, uone zomwe Duncan anachita mbali zonse ziwiri za bwalo, kenako ubwere tikambe.

kalulu_wamaso
Ndinaonera. Koma Garnett ku Minnesota ankasewera ndi ndani? Atangopeza anzake abwino ku Boston mu 2008 chikho chinabwera chaka choyamba.

Nyenyezi_07
Garnett ameneyo ndiye chenjezo lenileni pa nkhani yathuyi. Ine ndinali wa Brooklyn mu 2013 pomwe tinkatenga iye ndi Paul Pierce. Ndinasangalala, ndinkauza aliyense kuti chikho chabwera. Tinapambana ndime imodzi yokha ya ma playoffs. Pierce anachoka patatha chaka, Garnett sanathe zaka ziwiri, ndipo ma pick athu anakabala Jaylen Brown ndi Jayson Tatum ku Boston. Zaka zotsatira tinkagonja usiku ndi usiku podziwa kuti kugonja kwathu kukunenepetsa mdani. Palibe chowawa kwa wotsatira timu kuposa chimenecho. Mpaka lero ndikamva mawu oti "ma pick atatu osatetezedwa" m'mimba mumandizizira.

DunkYaMbali
Garnett anali ndi zaka 37, Pierce 35. Giannis ali ndi 30 ndipo zaka zitatu zapitazi wakhala akugoletsa mapointi oposa 30 pa masewera alionse mukatenga avereji. Musafanizire zinthu zosiyana.

Nthiwatiwa34
Abale, tabwererani kuno. Za Duncan ndi Garnett tsegulani pena. Funso lomwe sitinalikhudze ndi la pabwalo penipeni. Giannis ndi Wembanyama angasewere limodzi?

Senta_Wopuma
Apa ndiyankhepo, chifukwa ndinasewerapo ngati senta, wamtali woima pansi pa rim (mkombero wogoletsera mpira), zaka zingapo, ngakhale pa mlingo wotsika kwambiri. Chaka china kochi wathu anabweretsa mnzanga wina wamtali ngati ine, poganiza kuti awiri tidzatseka chilichonse. Kumbuyo tinatsekadi. Koma kutsogolo tinkapondana mapazi, aliyense akufuna malo omwewo, ndipo otitchinga ankangounjikana pakati chifukwa panalibe wa ife woponya kutali. Ndinaphunzira kuti anthu aatali awiri amagwirizana pokhapokha mmodzi akatha kutuluka panja ndipo adani n'kumamuopa ali kunjako.

Kwa Giannis zimenezi zinayesedwa kale. Mpira wake ndi wothamangira ku rim, ndipo pa ma three (kuponya kutali kwa mapointi atatu) sanafikepo pokhala woopsa, pa ntchito yake yonse ali pansi pa 30 peresenti. N'chifukwa chake Brook Lopez anali wofunika kwambiri: kumbuyo amateteza rim, kutsogolo amaima kunja kwa mzere n'kukoka senta wa adani, njira n'kutseguka. Bucks yatenga Myles Turner pa chifukwa chomwecho. Tsono Wembanyama ndi Lopez wowonjezera kangapo. Amaponya ma three ambiri, amatha kuyendetsa mpira, ndipo anatsogola ligi yonse pa ma block chaka chake choyamba. Pa awiriwa ine ndilibe nkhawa. Kumbuyo kungakhale khoma loti sindikudziwa angalibowole ndani.

Nkhawa yanga ili pa atatu otsalawo. Fox mphamvu yake ndi liwiro, amafunanso njira yomweyo ya pakati. Harper nayenso amadziwika ndi kulowa m'kati. Ndiye mu dilu ya Nthiwatiwa mwapereka Vassell, mmodzi mwa oponya kutali odalirika pa timuyi. Mwatsala ndi anthu atatu ofuna khomo limodzi, opanda wowatsegulira. Mu ma playoffs adzakumangirani mpanda monga Toronto inamuchitira Giannis mu 2019 ndi Miami mu 2020.

Mlonda_wa_Rim
Iyi ndiye ndemanga ya tsiku. Oponya ma three amapezeka pa msika, koma si aulere.

Wamanambala
Ndipo pomwepo pakulowa nkhani ya ndalama. Kwa amene anazolowera mpira wamiyendo, kumene timu yolemera imangotulutsa cheke, kuno n'kosiyana. Timu yomwe yadutsa salary cap (malire a malipiro a osewera onse a timu) siingalandire malipiro ochuluka kwambiri kuposa omwe yatulutsa, n'chifukwa chake mayina a Vassell ndi Keldon akulowa, kaya Bucks ikuwafuna kapena ayi. Giannis yekha amalandira madola oposa 50 miliyoni pa chaka. Onjezani Fox amene akufunika kontrakiti yatsopano yaikulu, onjezani Wembanyama kuyambira 2027. Anthu atatu adya gawo lalikulu la thumba.

Mgwirizano wa ligi ndi osewera wa 2023 unabweretsa malire aja amati second apron. Ukawadutsa, sungaphatikize malipiro a osewera awiri kuti utenge mmodzi, sungatumize ndalama mu dilu, ndipo pick yako ya zaka zisanu ndi ziwiri kutsogolo imaumitsidwa. Onani Boston, chikho mu 2024, chaka chimodzi chokha chadutsa apereka Holiday ndi Porzingis kuti atsike. Onani Phoenix ya Durant, Booker ndi Beal, mu 2025 sinalowe n'komwe mu ma playoffs. Masiku ano chuma chenicheni ndi wosewera wabwino wa malipiro otsika, ndipo Castle ndi Harper ndi zimenezo kwa zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi.

kalulu_wamaso
Funso la wophunzira: bwanji Spurs isangopereka ma pick ake onse a zaka zisanu ndi ziwiri n'kusunga anyamata onse awiri?

Wamanambala
Pali lamulo lotchedwa Stepien, dzina la mwini wakale wa Cleveland amene anamwaza ma pick a timu yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Limaletsa timu kukhala yopanda pick ya round yoyamba zaka ziwiri zotsatizana za m'tsogolo. Ndiye umapereka modumphitsa, chaka ichi inde, chotsatira ayi, ndipo m'zaka zapakatizo umangopereka ufulu wosinthana. Spurs ili ndi mpata woposa matimu ambiri chifukwa ili ndi ma pick a ena, monga a Atlanta omwe anabwera pa dilu ya Dejounte Murray mu 2022. Koma ndabwereza kale, Bucks ikufuna munthu wooneka ndi maso.

MayiWaMapasa
Chinanso chomwe palibe watchula ndi thanzi. Wembanyama anasiya kusewera mu Febuluwale 2025 chifukwa cha magazi oundana paphewa. Giannis anavulala msana pa masewera oyamba ndi Miami mu 2023, ndipo ma playoffs a 2024 sanasewere ngakhale amodzi chifukwa cha katumba. Mpira wake ndi wogundana ndi anthu usiku uliwonse. Thupi limenelo pa zaka 34 lidzakhala bwanji? Wembanyama pamenepo adzakhala ndi zaka 25 zokha, akungoyamba kumene kupsa, ndipo timu idzakhala yopanda Castle, yopanda ma pick. Spurs, timu yomwe inapambana masewera 34 mu 2024-25 ndipo sinalowe mu ma playoffs kuyambira 2020 mpaka 2025, iyambe yaphunzira kuyenda. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

DunkYaMbali
Mayi, mfundo ya thanziyo ikugwiranso mbali yanga. Munthu wamtali mamita oposa 2.2 palibe angakulonjezeni kuti asewera zaka 15. Yao Ming anatha msanga chifukwa cha mapazi. Oklahoma ya Durant, Westbrook ndi Harden inafika mu fainolo mu 2012 onse ali ana, aliyense ankati adzabweranso kambirimbiri. Sanabwererenso limodzi. Mawa mumaliyesa lanu koma si lanu.

Gogo21
Oklahoma imeneyo inagwa chifukwa inagulitsa Harden, mnyamata wa zaka 23, miyezi yochepa itatha fainolo. Mwatipatsa nokha chifukwa chosagulitsira Castle.

Mlonda_wa_Rim
Agogo abaya pamenepo.

DunkYaMbali
Anamugulitsa pofuna kupulumutsa ndalama, sanalandire MVP. Si zofanana.

Chimkango_Bucks
Ndabweranso mtima utatsika pang'ono. Ngati tsikulo litafika, ndipo Giannis wanena yekha, ndiye akuluakulu athu asachite zomwe Dallas inachita pogulitsa Luka Doncic mu Febuluwale 2025, kukambirana ndi timu imodzi mobisa n'kubwerako ndi pick imodzi yokha ya round yoyamba pambali pa Davis ndi Christie. Aimbire aliyense. Houston ili ndi achinyamata, matimu ena ali ndi ma pick. Komanso ayesetse kubweza ma pick athu omwe ali ku Portland ndi ku New Orleans, ngakhale zitafuna kulowetsa timu yachitatu mu dilu. Brooklyn inachita zimenezo mu 2024, inabweza ma pick ake kuchokera ku Houston isanayambe kumanganso. Popanda zimenezo, Castle adzabwera kudzavutika pa timu yomwe singakwere komanso singapindule ndi kutsika.

Wamanambala
Mfundo yolemera imeneyo. Dilu ya matimu awiri okha mwina siingathetse vuto la Milwaukee, ngakhale Spurs itaika zonse patebulo.

Nyenyezi_07
Ndipo musaiwale kuti Giannis mwini wake ali ndi mawu. Zaka zotsala pa kontrakiti yake si zambiri. Timu iliyonse isanapereke chuma chake idzafuna kumva kuti munthuyo asainanso. Akangonena kuti kwakuti sindikhalako, mtengo umagwa tsiku lomwelo.

Nthiwatiwa34
Chabwino, ndamva. Senta_Wopuma wandigwedeza pa nkhani ya Vassell, sindinaiganizire bwino. Ndisinthe motere: Vassell atsale. Spurs ipereke Harper m'malo mwa Castle, pamodzi ndi Keldon, Harrison Barnes ndi wina wa malipiro apakati kuti masamu akwane, ma pick atatu aja, ndipo imodzi ipite ku Portland kuti Bucks ibwezeredwe yake ya 2029. Castle ndi wotchinga wabwino ndipo safuna mpira nthawi zonse, angakhale bwino pambali pa Giannis kuposa Harper. Apa bwanji?

Mlonda_wa_Rim
Apa Bucks ikhoza kukhala pansi n'kumvetsera. Koma Portland ivomera chifukwa chiyani? Pick ya Bucks yopanda Giannis ndi golide, sangaisinthe ndi ya Spurs ya nambala 27.

Senta_Wopuma
Barnes nayenso ndi woponya kutali, achimwene. Mwatseka bowo limodzi n'kutsegula lina.

MayiWaMapasa
Ine Harper sindimupereka ndisanamuone akusewera ndi Wembanyama ngakhale miyezi itatu. Msika sutsekedwa mpaka Febuluwale. Tidikire tione kuti Bucks ya Turner iyamba bwanji, tione ngati Fox, Castle ndi Harper angagawane mpira umodzi. Akapondana mapazi, pamenepo tidzadziwa woti achoke, ndipo tidzamudziwa ndi maso athu.

DunkYaMbali
Ndipo Houston kapena New York ikakutsogolerani mu Disembala, mudzabwere pano mudzatiuze kuti kudikira kunakoma.

Chimkango_Bucks
Kapena Turner akwanira bwino, tipambana masewera 50 m'chigawo cha kum'mawa cha ligi komwe Tatum wa Boston ndi Haliburton wa Indiana onse avulala, ndipo munthu wathu sapita kulikonse. Nthiwatiwa, Portland uipatsa chiyani? Yankha funso la Mlonda kaye.